Tsiku limodzi ku Cape Town: yambani ndi phiri mphepo isanadzuke

Chimene chimalamula tsiku la mlendo ku Cape Town ndi mphepo. Mzindawu unapanikizika pakati pa nyanja ya Atlantic ndi phiri la Table Mountain, ndipo malo ambiri amene anthu amafuna kuona amatsekedwa kapena kusasangalatsa nyengo ikasintha. Choncho mukadzuka, musanaganize za kadzutsa, suzumirani kuphiri. Ngati nsonga yake ikuoneka bwinobwino, pitani komweko m'mawa womwewo. Musanene kuti tipita madzulo.

Kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa. Imeneyi imakankhira mpweya wachinyontho kuphiri, mpweyawo ukakwera n'kuzizira umasanduka mtambo woyera umene umayala pamwamba ponse. Zikatero simuona kanthu, ndipo cable car, chikepe choyenda pa chingwe chimene chimakweza anthu pamwamba pa phirilo, imaimitsidwa. Mvula nayo kumeneko imagwa kwambiri mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, nthawi imene kwathu kuli gwa. Komanso chaka chilichonse cable car imatsekedwa kwa kanthawi kuti aikonze, kawirikawiri cha mu Julayi kapena Ogasiti, ndiye onani masiku ake musanagule tikiti ya ulendo.

Tikiti ya cable car gulani pa intaneti, ndipo m'mawa wa tsikulo onani pa tsamba lawo ngati atsegula. Fikani pa siteshoni ya m'munsi, pa Tafelberg Road, isanakwane 8 koloko kapena nthawi imene alengeza kuti ayamba, chifukwa mu Disembala mzere wa cha m'ma 10 koloko ukhoza kukudyerani ola lathunthu kapena kuposa. Njira yosavuta ndi Uber, Bolt kapena basi yofiira ya City Sightseeing imene imaima pomwepo. Basi za MyCiTi salipira ndi ndalama m'manja, zimafuna khadi la myconnect, ndipo yopita ku Camps Bay imakutsitsani pa Kloof Nek, pomwe pamatsala kamtunda kokwera ndithu.

Cable car imanyamula anthu 65 ndipo imatenga mphindi pafupifupi zisanu. Pansi pake pamazungulira, ndiye palibe chifukwa cholimbirana malo, aliyense amaona mbali zonse. Pamwamba ndi mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja, ndipo kumazizira ngakhale kumunsi kukuotcha. Tengani juzi kapena jekete yotchinga mphepo, chipewa chomanga m'khosi, mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi botolo la madzi. Ola limodzi ndi theka likukwanirani kuyenda m'tinjira ta pafupi ndi siteshoni n'kuona Robben Island, Lion's Head ndi Camps Bay kumunsi. Pamiyala mupeza mbira zikuothera dzuwa. Musazipatse chakudya, zimaluma. Mukamva hutala ikulira, bwererani ku siteshoni nthawi yomweyo, ndiye kuti mphepo ikukula ndipo atseka. Wotsalira amatsika wapansi.

Ena amafuna kukwera ndi miyendo kudzera ku Platteklip Gorge. N'zotheka, koma ndi masitepe a miyala okhaokha kwa maola awiri kapena atatu, mthunzi ndi wochepa. Pamafunika madzi malita awiri munthu aliyense, nsapato zogwira pansi, foni yodzadza moto, komanso musapite nokha. Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, kukwera kotere kukutherani mphamvu za masana onse.

Mukatsika, pitani ku Bo-Kaap, dera lokhalamo anthu m'mbali mwa phiri la Signal Hill. Uzani dalaivala akutsitseni chakumtunda kuti inu muziyenda motsika, chifukwa misewu ina ndi yotsetsereka kwambiri ndiponso yoyala miyala imene imaterera kukanyowa. Nyumba zamitundu yowala zili pa Wale Street ndi Chiappini Street, ndipo pa Dorp Street pali mzikiti wa Auwal wa m'chaka cha 1794, woyamba m'dziko la South Africa. Ambiri okhala kuno ndi Asilamu, zidzukulu za anthu amene anabweretsedwa ngati akapolo kuchokera ku Asia ndi mbali zina za Africa. Awa ndi makomo a anthu, si malo a chionetsero: musakhale pakhonde la munthu kuti mujambulitse, ndipo pemphani musanajambule nkhope ya aliyense. Lachisanu masana mashopu ena amatseka kaamba ka mapemphero. Nthawi ikakwana 12 koloko musadzidzimuke ndi kuphulika kwakukulu, ndi mzinga wa pa Signal Hill umene amawomba tsiku lililonse kupatula Lamlungu ndi masiku a tchuthi cha boma. Nkhomaliro idyerani konkuno: bobotie (nyama yogaya yophika mu uvuni ndi mazira pamwamba), samusa, ndi koesister, kamtanda kokazinga konyika m'manyuchi n'kuwaza kokonati. M'malesitilanti mwambo ndi kuwonjezera 10 peresenti ya bilu kwa wokutumikirani.

Masana yendani pathyathyathya kuti miyendo ipume. Company's Garden, munda umene unayamba mu 1652, uli pafupi, ndipo District Six Museum pa Buitenkant Street imafotokoza za anthu oposa 60,000 amene anachotsedwa m'dera lawo boma la tsankho litalengeza mu 1966 kuti ndi la azungu okha.

Za Robben Island, chilumba chimene Nelson Mandela anakhalapo m'ndende zaka 18, ikirani tsiku lina. Ulendo wake kuchokera ku doko la V&A Waterfront umatenga maola pafupifupi anayi, matikiti amatha msanga, ndipo boti silinyamuka nyanja ikawinduka. Kuuphatikiza ndi phiri n'kuika tsiku lonse m'manja mwa mphepo kawiri.

Madzulo dutsani Kloof Nek kupita ku gombe la Camps Bay. Mchenga ndi woyera, kumbuyo kuli mapiri a Twelve Apostles, koma madzi ake musawayese a ku Salima. Ndi ozizira koopsa, ndipo m'chilimwe amazizira kwambiri chifukwa mphepo ija imakankha madzi apamwamba, a pansi pa nyanja n'kukwera. Mukafuna kulowa, sambani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pamene pali opulumutsa anthu, popeza pali mafunde okokera munthu kukati. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku, mu Juni isanakwane 6. Ngati mwasankha kukaonera kulowa kwa dzuwa pa Signal Hill, konzeranitu galimoto yobwerera. Musatsike wapansi kukada, kuba kumachitika m'tinjira timeneto, ndipo foni musamayende mutaigwira poyera.

Nanga phiri likadzuka litafunda mtambo? Tembenuzani ndondomeko: yambani ndi Bo-Kaap ndi museum, muziyang'ana kumtunda, ndipo likangoyera itanani galimoto. Masoketi a magetsi ambiri kumeneko ndi a mabowo atatu ozungulira, osati ngati a ku Malawi, choncho gulani adaputala tsiku lofika kuti foni yoitanira galimotoyo ikhale ndi moto.