Momwe mungasankhire regulator ya m'madzi ozizira kapena ofunda

Regulator ndi chida chimene chimachepetsa mphamvu ya mpweya wopanikizidwa m'thanki kuti munthu wosambira pansi pa madzi athe kuupuma. Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan anapanga chida chotere mu 1943, ndipo za masiku ano zili ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba chimamangidwa pa valavu ya thanki ndipo chimatsitsa mphamvu ya mpweya kuchoka pa ma bar 200 kapena 300 (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya kapena madzi) kufika pa ma bar pafupifupi 10 pamwamba pa mphamvu ya madzi ozungulira, pamene chigawo chachiwiri, chimene munthu amaluma pakamwa, chimapereka mpweya molingana ndi kuya kumene munthuyo wafika.

Musanayambe kuyang'ana mitundu ya ma regulator, dziwani kuzizira kwa madzi a pansi penipeni pamene mukafike, osati a pamwamba. M'nyanja zambiri zakuya madzi a pamwamba amafunda ndi dzuwa, koma mukatsika mamita angapo mumakumana ndi madzi ozizira mwadzidzidzi. Malire amene opanga zidazi amagwiritsa ntchito ndi madigiri 10 Celsius, ndipo madzi ozizira kuposa pamenepo amafuna regulator yopangidwira kuzizira.

Ena angadabwe kuti vuto lili pati popeza madzi a madigiri 6 sanaundane. Chimene chimachitika n'chakuti mpweya ukamatsika mphamvu mofulumira umazizira kwambiri, moti chitsulo cha regulator chimatha kuzizira kupitirira madigiri 0 ngakhale madzi akunja asanafike pamenepo. Timadontho ta madzi timene talowa mkati timaundana n'kugwira valavu ili yotseguka, ndipo mpweya umayamba kutuluka mosalekeza. Thovu limadzaza kumaso, phokoso limagonthetsa m'khutu, ndipo thanki imatha m'mphindi zochepa chabe.

Mukadziwa za madziwo, tengani regulator m'manja ndi kuwerenga zimene zalembedwa pa chitsulo chake. Muyezo wa ku Europe wotchedwa EN 250 umafuna kuti regulator ya m'madzi ozizira iyesedwe m'madzi a madigiri 4 pa kuya kwa mamita 50. Imene inaloledwa m'madzi ofunda okha imakhala ndi chizindikiro cha >10°C, ndipo chizindikiro chimenechi n'chodalirika kuposa mawu okoma a wogulitsa.

Kenako funsani ngati chigawo choyamba chili chomata, kutanthauza kuti madzi safika pa sipuling'i ndi tizitsulo tina toyenda mkati. Pali mitundu iwiri ya chigawo choyamba, wa diaphragm (kachikopa kofewa kamene kamakankha valavu) ndi wa piston (kachitsulo koyenda uku ndi uku kamene kamatsegula ndi kutseka mpweya), ndipo ambiri osambira m'madzi ozizira amakonda diaphragm yomata chifukwa simusiya mpata woti madzi aundanemo. Pa chigawo chachiwiri yang'anani ngati chili ndi zitsulo mkati ndiponso timizere tachitsulo pamene paipi ikulowera, popeza chitsulo chimatenga kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya umene mukutulutsa n'kutenthetsa valavu. Yesaninso kutembenuza kachitsulo kosinthira mpweya mutavala magolovesi ochindikala, pakuti kachitsulo kamene kamatembenuka bwino ndi zala zosavala kamavuta zala zikachita dzanzi.

Ngati mumasambira m'madzi ofunda okhaokha, nkhani ndi yaifupi. Regulator ya piston yosamata ndi yokwanira, ndi yopepuka pa ulendo, ndipo kuikonza sikuvuta. Komabe ya m'madzi ozizira imagwira ntchito bwinobwino m'madzi ofunda pamene inayo singalowe m'malo mwake, choncho ngati mukuganiza kuti tsiku lina mudzapita kozizira, ine ndikuona kuti n'kwanzeru kugula yomata kamodzi n'kamodzi. Yomata imatetezanso mkati ku mchenga ndi matope.

Pa cholumikizira ku thanki pali yoke ndi DIN. Yoke imakolekedwa pa valavu ndipo imafika ma bar 232, pamene DIN imapotokolera mkati mwa valavu, imabisa kamphira kotseka mpweya, ndipo ilipo yofika ma bar 300. Regulator ya DIN mungaimange pa thanki ya yoke mothandizidwa ndi adaputa yaing'ono.

Musaiwale chopumira chapadera chimene mumapatsa mnzanu mpweya ukamuthera, chifukwa nachonso chiyenera kukhala cha m'madzi ozizira, ndipo anthu awiri akamapuma pa chigawo choyamba chimodzi kuzizira kumawonjezeka. N'chifukwa chake ena amamanga ma regulator awiri osiyana pa valavu ya makomo awiri. Mukagula, muziipereka kwa katswiri kuti aikonze pa nthawi imene opanga analemba, ndipo tsiku lozizira kwambiri musapumiremo kapena kudina batani lotulutsa mpweya mudakali kumtunda, koma dikirani mpaka chigawo chachiwiri chitalowa m'madzi.