Momwe mungatchingire madzi m'munda wotsetsereka ndi akalozera, vetiva ndi mitengo

Munda wathu uli m'munsi mwa phiri ku Chiradzulu, ndipo kumunsi kwake kumadutsa kamtsinje kamene kamauma m'chilimwe koma kamalusa mvula ikalimbika. Kwa zaka zambiri madzi ochokera kuphiri ankadula mizere, kukokolola feteleza amene tangothira kumene, n'kukaunjika mchenga kudimba. Ntchito yowatchinga imayamba mukangokolola, cha mu Juni kapena Julayi, nthaka ikadali yofewa pang'ono.

Yambani ndi akalozera, mizere ikuluikulu yopingasa potsetsereka yosapendekera mbali iliyonse, chifukwa udzu wa vetiva ndi mitengo zidzatsata mzere umenewu. Kuti mupange chida choyezera mzerewu, pezani nsungwi ziwiri zowongoka za mamita 2, muzimange pamwamba, ndipo ina ya mita imodzi muipingase pakati kuti chida chanu chioneke ngati chilembo A. Pansonga mangani chingwe cholendewera mwala wolemera bwino. Alangizi a zaulimi ena ali ndi levulo ya chingwe, imene ndi yachangu, koma imafuna anthu atatu ndipo nyengo imeneyi oibwereka amakhala ambiri.

Apa ndiye chonde musathamange. Chaka choyamba ine ndinayeza pakati pa nsungwi yopingasa ndi tepi, ndikulemba chizindikiro, ndikuyamba kukhoma zikhomo. Sindinadziwe kuti mwendo umodzi unali wautali pang'ono kuposa unzake. Komanso m'malo mochitembenuza chidacho, ndinkangochinyamula kupita nacho kutsogolo chitayang'ana mbali imodzimodzi. Tiyerekeze kuti sitepe iliyonse yaphonya ndi masentimita 2 okha: pa masitepe 30 mzere watsika masentimita 60. Ndi maso simungaone. Madzi okha ndi amene anaona. Namondwe wa Ana atafika mu Januwale 2022, kalozera wanga anasanduka ngalande yotengera madzi onse kungodya imodzi. M'mawa mwake ndinapeza pang'ambika chigwembe chofika m'chiuno, chimanga chofika m'mawondo chitagona m'matope, mizu ili pamtunda, ndipo madziwo anali atalowanso m'munda wa mayi oyandikana nafe. Ndinapita kukapepesa ndili ndi chisoni chachikulu, chifukwa iwo sanalakwe kanthu.

Kayezedwe koyenera ndi aka. Imikani chidacho pansi, mukhome chikhomo pamene paponda mwendo uliwonse. Chingwe chikasiya kugwedezeka, lembani pamene chadutsa pa nsungwi yopingasa. Kenako sinthanitsani miyendo, wakumanja uponde ndendende pamene panali wakumanzere, mulembenso. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizo ndiye pamene muzidalira. Temanipo ndi mpeni kuti pasafufutike. Poyenda m'munda, mwendo umodzi uzikhala pachikhomo, winawo muuzungulitse kupita kutsogolo, muusunthe kumtunda kapena kumunsi mpaka chingwe chigwere pachizindikiro, ndiye mukhome chikhomo china. Gwirani ntchitoyi m'mamawa mwera usanayambe kukankha chingwe, ndipo tsiku lililonse yezaninso, popeza luzi limamasuka.

Mzere woyamba ukhale kumtunda kwenikweni kwa munda. Kuti mupeze wachiwiri, tsikani chafutambuyo dzanja litatambasuka molingana ndi maso; pamene nsonga za zala zaloza patsinde pa mzere wakumtunda, imani pomwepo. Potsetsereka kwambiri akalozera amayandikana, posalala amatalikirana. Unjikani dothi motsata zikhomo, ndipo mizere yonse ya chimanga igalauzidwe kuti itsate kalozerayo. Tsekaninso mizereyo ndi mabokosi, timizere topingasa tosunga madzi pakati pa mizere.

Mu Ogasiti kapena Seputembala konzani nazale pafupi ndi madzi. Sakanizani magawo awiri a dothi lachonde, limodzi la mchenga ndi limodzi la manyowa owolerana. Machubu akwera mtengo kwambiri masiku ano. Ife timatola mapaketi a shuga ndi a Chibuku n'kuwaboola pansi, ndipo mbande zimakula chimodzimodzi. Gilisidiya amamera msanga, kungomuviika m'madzi usiku umodzi. Msangu uli ndi khungu lolimba, choncho njere iliyonse idulidwe pang'ono m'mbali ndi chowengera zikhadabo. Uwu muufese mochedwerapo, cha mu Okutobala, chifukwa muzu wake umathamangira pansi. Machubu ake akhale pathandala kuti muzu usalowe m'nthaka.

Ngati mukugula mbande, chenjerani ndi zazitali zokongola za m'mbali mwa msewu. Zambiri zinagonera chaka m'machubu, mizu inapiringizana ngati nkhata, ndipo mukazibzala zimangoima osakula. Ng'ambani chubu chimodzi wogulitsayo akuona. Akakana, pitani kwina. Ndi vetiva yemwe, ena amasakanizamo udzu wamba. Weniweni mizu yake ndi yambiri, yopyapyala, ndipo imanunkhira mukaifikisa. Kuli bwino kupempha kwa mnzanu amene ali naye kale, mukakumbe nokha.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma musadikire kumapeto. Nthaka ikangonyowa bwino, bzalani vetiva m'mbali mwa kalozera. Dulani masamba atsale masentimita 20, muike timapesi tiwiri kapena titatu paphando, mapando atalikirane masentimita 10 mpaka 15. Mukatalikitsa pofuna kuti mbewu ikwane, madzi adzadutsa m'mipatamo n'kukumba. Pakatha nyengo ziwiri za mvula vetivayo amakhala atalukana ngati mpanda, ndipo kumtunda kwake mumaona dothi lakuda litaunjikana. Msangu ubzalidwe pa mamita 10 mbali zonse, ndiye kuti mitengo 100 pa hekitala. Suphimba chimanga, chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja. Gilisidiya ayende m'mizere ndipo muzimudulira asanatalike, masamba ake mukwirire.

M'mbali mwa mtsinje siyani kulima mpaka kugombe. Siyani masitepe 10 kapena kuposerapo, mubzalemo nsungwi, mbawa, mikuyu ndi nsenjere. Bulugamu asayandikire mtsinje kapena chitsime. M'chigwembe sanjani miyala mopingasa, kuseri kwake vetiva kapena nthochi.

Kuphiri sikufunanso mbande zambiri. Zitsa zimaphukira zokha. Pa chitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo dulani. Lambulani njira yotchinga moto mu Meyi, udzu usanaumitsitse, ndipo nkhani ya mbuzi ndi ya osaka mbewa mukaikambe kwa amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mbande zisanalowe m'nthaka. Polimbana ndi chiswe, wazani phulusa m'dzenje pobzala, ndipo mapesi ouma asagunde tsinde la kamtengo.