Hatchi ikakumana ndi katapila panjira muzitani

Nkhaniyi ndalembera anzanga amene mwangoyamba kumene ntchito ya mahatchi kuno ku Joni, makamaka mbali za ku Kyalami ndi Midrand uku komwe makola a mahatchi ali mbwee koma zomangamanga nazo sizikutha, lero akukumba ngalande mawa akumanga mpanda. Ambirife tinachoka kumudzi tikungodziwa ng'ombe za pangolo basi, nde tsiku loyamba kutuluka pageti uli pamsana pa chinyama cholemera makilo 500 kenako pakona pali katapila ikukumba, umagwidwa nthumanzi ndipo hatchiyo imamva kuti wagwidwa nthumanzi.

Chonde musaimenye. Hatchi ikakana kudutsa pa mashini si mwano ayi, ndi mantha enieni. Kutchire inali nyama yodyedwa ndi zilombo, chida chake ndi miyendo, imayamba yathawa kaye zoganiza pambuyo. Maso ake ali m'mbali mwa mutu nde imaona pafupifupi mozungulira monse kupatula patsogolo penipeni pa mphuno ndi kumbuyo kwenikweni kumchira, makutu nawo amatembenuka lililonse palokha, ndipo imamva timaphokoso tosongoka timene ifeyo sitimva nkomwe. Mukaikwapula pamenepo mmutu mwake imalumikiza kuti mashini aja ndi amene abweretsa ululu, mawa mavuto awiri.

Chimene ndachiona ine, phokoso longopitilira silivuta kwenikweni. Zili ngati munthu wokhala pafupi ndi chigayo, pakapita masiku sachimvanso. Chaka cha 2023 magetsi atavuta kwambiri muja, jenereta ya pamalo pathu imalira pafupi ndi makola, masiku oyamba mahatchi amazungulira mkhola ngati alumidwa ndi njuchi koma pasanathe masabata awiri amadya udzu jenereta ili mkati molira. Chowopsa ndi chodzidzimutsa. Mabuleki a mpweya a lole aja oti pssss, chitseko chakumbuyo cha tipa chikamenya kuti phwaa, miyala ikamathiridwa mu tipa yopanda kanthu, kabelu ka rivesi, grinder ikayamba mwadzidzidzi kuseri kwa mpanda. Ndipo mipanda ya kuno mukuidziwa kutalika kwake, hatchi ikumva chinthu koma sikuchiona, pamenepo nde imasokonezeka zedi. Chinanso ndi mkono wa katapila ukamakwera mmwamba, chinthu chachikulu choyenda pamwamba pa mutu wake hatchi sichikonda olo pang'ono.

Ntchito yambirani pakhomo, osati pamsewu. Ngati pamalo panu pali thirakitala, imeneyo nde sukulu yake. Tsiku loyamba injini ikhale yozima, inu muli pansi mwaigwira chingwe, isiyeni iyandikire yokha, inunkhize tayala, ipemerere mphuno, ibwerere mbuyo ngati ikufuna. Muidutsitse mbali zonse ziwiri, chifukwa zimachitika kuti yazolowera chinthu chili kumanzere koma pobwerera chili kumanja nkudzidzimukanso ngati sinachionepo. Tsiku lina mnzanu alize injini chapatali inu mukuidyetsa udzu. Kenako, ndipo apa ndi pamene pali mankhwala enieni, thirakitala iziyenda pang'onopang'ono kutsogolo inu muzitsatira pambuyo. Hatchi ikaona kuti chinthu chija chikuithawa imalimba mtima, mudzaona khosi likutsika, mwina mpaka kufuna kuipeza. Zoti thirakitala ibwere moyang'anizana nayo kapena idutse kuchokera kumbuyo zibwere kumapeto, patapita masiku. Mphindi 10 kapena 15 patsiku zakwana, ndipo muzisiya idakali yodekha, osadikira ifike potuluka thukuta.

Musanatuluke, helimeti kumutu, jekete yowala ija, lamba wa chishalo muonenso kawiri chifukwa hatchi ikadumphira pambali chishalo cholezuka chimatembenuka nanu. Ngati yakhala mkhola masiku awiri ikungodya, iyambeni mwaithamangitsa pa chingwe chachitali itulutse mphamvu. Mwezi wa August kuno kumakhala chimphepo, mapepala apulasitiki ndi maneti a pa site akuuluka, masiku otero hatchi yaing'ono musapite nayo kumene akumanga. Ndipo ngati pali hatchi yokalamba yosatekeseka, itsogole imeneyo, yaing'ono imaonera kwa mkulu wake kuposa kwa inu.

Tsopano mwafika, mashini ali apo. Hatchi imanena isanachite, mutu umakwera, makutu onse awiri njo kutsogolo, imafwenthera mwamphamvu, msana umauma pansi panu, masitepe amafupika. Imani pomwepo, patali pamene ikadali kukumverani, ipatseni nthawi iyang'ane. Vuto lathu anthu tikachita mantha timawerama kutsogolo, kufinya miyendo nkukoka zingwe zonse ziwiri mwamphamvu, nde taganizani, miyendo ikuti pita manja akuti ima, yasowa kolowera, chotsatira imaimilira ndi miyendo yakumbuyo. Khalani tsonga, zidendene pansi, tulutsani mpweya pang'onopang'ono, zingwe zikhale zofupika koma manja ofewa. Ine ndimang'ung'udza kanyimbo ka kwaya chapansipansi, zimandikakamiza kupuma bwino, ndipo khutu limodzi likatembenukira kwa ine ndimadziwa kuti tayambanso kumvana.

Dalaivala wa mashini musamuyese kuti wakuonani. Ali mkati mwa phokoso, mwina wavala zotseka makutu, maso ali pa dzenje. Kwezani dzanja, dikirani mpaka muonane maso ndi maso, aike chifosholo chija pansi. Ambiri ndi anthu abwino amazimitsa injini mukawapempha. Koma apa mvetserani, chifukwa ine ndinaphunzira ndi chigongono changa. Tsiku lina ndili pa hatchi yaikazi yofiirira, dalaivala wa tipa anaima bwinobwino nkundikodola kuti dutsani, tinadutsa, koma mchira utangopitilira tayala lakumbuyo iye poganiza kuti zatha anamasula mabuleki aja pssss nkunyamuka. Hatchi inadumpha kutsogolo, nsapato zake zachitsulo zinaterera pa phula, ine pansi, mwamwayi inaima pa kapinga patsogolo pang'ono ikunjenjemera miyendo yonse, bondo lake litasupuka. Bamboyo sanalakwe dala, sanadziwe. Kuyambira pamenepo ndimanena momveka kuti adikire mpaka nditafika patali ndikweze dzanja kachiwiri. Ndipo muzithokoza, mawa akaona hatchi adzaima yekha.

Podutsa penipeni, yendani wapansi basi, zothamanga ayi ngakhale mtima ukufuna kuti zithe msanga. Siyani mpata waukulu momwe mungathere, ndipo ngati mashini ali m'mbali mwa msewu dikirani kaye magalimoto athe mbali zonse, chifukwa ikadzidzimuka idumphira pakati pa msewu. Inu maso anu akhale kutsogolo kumene mukupita, mukamayang'anitsitsa katapilayo nayonso iziti eya kani ndi choopsadi. Malo ovuta kwambiri ndi pamene mwangodutsa kumene, chinthu chija chalowa kumbuyo kosaoneka, apa nde imafuna kuthawa. Gwiranibe bwino, yendani kamtunda ndithu, kenako itembenuzeni iyang'anenso mashini aja ili phee, muisisite pakhosi.

Ikatembenuka mwadzidzidzi kufuna kubwerera kunyumba, ibwezeni modekha iyang'anenso komweko, olo mutabwerera mbuyo mamita angapo palibe vuto, bola isaphunzire kuti kuzungulira nkuthawa kumapindula. Ikathawa nanu pamalo otakasuka a dothi kapena udzu, kokani chingwe chimodzi muikhotetse mozungulira bwalo lalikulu nkumalichepetsa, kulimbana nayo ndi zingwe zonse ziwiri simungaithe mphamvu. Pa phula musaikhotetse mwamphamvu, mugwa nonse.

Kutsika si manyazi abale anga. Ngati mukuona kuti zikukula, tsikani msanga zisanafike poipa, tsitsani zingwe kudutsa pamutu muzigwire mmanja, ndipo inu muyende pakati pa hatchi ndi mashini kuti ikadumpha idumphire kutali ndi inu osati pamwamba panu. Chingwe musachikulunge padzanja, ndikubwerezanso musachikulunge, zala zimathyoka pamenepo.

Tizipewa tija timene amaveka hatchi kumakutu timathandiza pang'ono kuchepetsa phokoso, ena amaika ndi zotseka mkati mwa khutu, koma yesani pakhomo kaye chifukwa mahatchi ena amangopukusa mutu njira yonse. Anzathu amene muli ku UK muli ndi mwayi, kuyambira January 2022 Highway Code, buku lawo la malamulo a pamsewu, imanena kuti woyendetsa galimoto adutse hatchi pa liwiro losapitilira mamailosi 10 pa ola ndipo asiye mpata wa mamita 2. Olo zili choncho dzanja muzikwezabe.

Chomaliza chimene chimativuta ambiri ndi kuuza abwana kapena madamu kuti hatchi iyi sinakonzeke. Timaopa kuoneka ngati sitikudziwa ntchito. Koma ngati akufuna mutuluke ndi mwana wawo pa kahatchi kake kudutsa pamene akugwira ntchito ndi TLB, thirakitala yokumba ija, nenani poyera kuti lero ayi, tidzere njira ina, kapena tipite Lamulungu mashini atazima. Lamulungu lomwelo nde tsiku labwino lotengera hatchi yamantha ija pa site, katapila ili duu payokha, muime nayo pafupi idyeko udzu wa m'mbali mwa msewu, muzungulire kawiri katatu mbali zonse, Lolemba mubwerenso nthawi ya lanchi anyamata atakhala pansi akudya.