Momwe mungasanjire asilikali mu Europa Universalis IV

Anyamata ambiri a ku Ndirande ndi ku Chilomoni amene angoyamba kusewera Europa Universalis IV pa laputopu amagonja ali ndi asilikali ochuluka kuposa mdani, kenako n'kumati gemuyi imakondera. Nthawi zambiri cholakwika ndi kasanjidwe. Gemu imeneyi, ya kampani ya Paradox, momwe mumalamulira dziko, imayambira mu 1444 kukathera mu 1821, ndipo malamulo a nkhondo ndi amodzimodzi kaya mwasankha France kapena Maravi, amene alipo ndithu pa mapu.

Musanalembe msilikali aliyense, onani combat width pa tsamba la zankhondo. Nambala imeneyi ikukuuzani ma regiment angati, iliyonse ya anthu 1,000, amene angaime pa mzere wakutsogolo nthawi imodzi. Mayiko a ku Ulaya amayamba ndi 20, ndipo imakwera ndi military tech (luso la zankhondo la dziko lanu) mpaka 40. Otsalawo amangodikira kumbuyo, morale yawo (mtima womenya nkhondo) ikutsika asanamenye n'komwe.

Dzazani mzerewo ndi oyenda pansi, poti ndi otchipa: regiment imodzi ndi ma ducat (ndalama za mu gemuyi) 10, pamene apakavalo ndi 25, mizinga 30. Poyamba, ma regiment 16 a oyenda pansi ndi 4 a apakavalo akwanira. Apakavalo amaima m'mbali n'kumamenya mdani chammbali ngati mzere wake ndi waufupi. Koma musawachulutse. Ku mayiko ambiri a ku Ulaya, apakavalo akapyola theka la mzere wakutsogolo gulu lonse limafooka, ndipo izi zimatha kuchitika nkhondo ili mkati, chifukwa oyenda pansi ndiwo amafa ambiri.

Mizinga ndiye pamene ambiri amatayira ndalama. Imabwera pa tech 7, koma nthawi imeneyo mphamvu yake ndi yochepa, choncho gulani yowerengeka yogumulira malinga basi. Pofika tech 16 mpamene muyenera kudzaza mzere wonse wakumbuyo. Mzinga uli kumbuyo umawombera modutsa anzake komanso umateteza amene ali patsogolo pake. Oyenda pansi akatha, mzingawo umakankhidwira kutsogolo, ndipo kumeneko umavulazidwa kawiri kuposa ena. Ndiye mizinga isachuluke kuposa a kutsogolo, ndipo muzikhala ndi ma regiment anayi kapena asanu ndi imodzi a oyenda pansi apadera olowa m'malo mwa ogwa.

Gulu lotere ndi lalikulu, chigawo chimodzi sichingalidyetse. Dinani chigawocho muone supply limit, kuchuluka kwa asilikali amene chingadyetse. Mukaipyola, anthu amafa mwezi ndi mwezi popanda nkhondo, manpower (anthu oti mulembe usilikali) n'kuuma. Gawani gululo pawiri, liyende m'zigawo zoyandikana, lidzakumane tsiku lomenyana, ndipo mkulu wankhondo akhale m'gulu loyamba kufika.

Malo nawonso amasankhidwa. Woukira pa phiri amachotseredwa 2 pa dayisi imene gemu imaponya pa nkhondo, m'nkhalango 1, powoloka mtsinje 1. Lolani mdani ndiye akwere phirilo.

Ngati munatsitsa army maintenance (ndalama zosamalira asilikali) kuti musunge ndalama, ikwezeni miyezi ingapo musanalengeze nkhondo, chifukwa morale imabwerera pang'onopang'ono. Mukatha kumenyana, dinani consolidate kuti ma regiment operewera aphatikizane akhale odzaza. Ndipo ngati simukusewera Ironman (mtundu wa sewero wosalola kubwerera m'mbuyo), sevani nkhondo yaikulu isanayambe, makamaka batire ya laputopu ikakhala yotopa magetsi n'kuthima.