Momwe mungawerengere zotsatira za ANA musanayambe kuda nkhawa

Pepala la kuchipatala likalembedwa kuti "positive", ambiri maganizo amathamangira ku HIV. ANA ndi nkhani ina. ANA ndi chidule cha antinuclear antibodies: poyeza magazi amafufuza asilikali a m'thupi amene asokonekera n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo, monga zimachitikira pa matenda a lupus (ogwira khungu, mfundo za mafupa ndi impso), scleroderma (olimbitsa khungu) ndi Sjögren (oumitsa maso ndi m'kamwa).

Yambani ndi nambala. Mukaona 1:40, ndiye kuti magaziwo anawasungunula ka 40 asilikaliwo akuonekabe. 1:640 ndiye kuti alipo ochuluka. Anthu athanzi pafupifupi atatu pa 10 alionse amapezeka nawo pa 1:40, koma pa 1:160 amatsala pafupifupi asanu pa 100. Nambala yaing'ono payokha isakusowetseni tulo.

Kenako onani mawu olembedwa pambali, ofotokoza momwe asilikaliwo akuonekera pa makina oyezera. Homogeneous amapezeka kawirikawiri pa lupus, centromere ndi nucleolar amaloza ku scleroderma, pomwe speckled amapezeka pa matenda angapo, ndiye sathetsa mlandu.

Chachitatu, ndipo apa mpofunika kwambiri kwa ife kuno: tsegulani bukhu lanu la kuchipatala. Malungo, TB ndi HIV zimatha kudzutsa ANA. Mankhwala ena nawonso amatero, monga isoniazid wa TB ndi hydralazine wa BP. Osasiya kumwa panokha. Auzeni adokotala zonse zimene mukumwa, ngakhale zazitsamba zija timabisa.

Tsopano lifunseni thupi. Kodi mfundo za zala zimatupa ndi kuuma m'mawa? Tsitsi likuthothoka? Zidzolo pamasaya mukakhala padzuwa, zilonda m'kamwa, maso ndi m'kamwa mouma? Zala kutuwa mu June nthawi ya chisanu chochokera m'phiri si zachilendo ku Zomba kuno, koma zikamayera, kuchita dzanzi, kenako kufiira ndi kupweteka, nenani.

Zizindikiro zikakhalapo, adokotala amayezanso mitundu ina ya asilikaliwa: anti-dsDNA ndi anti-Sm za lupus, anti-Ro ndi anti-La za Sjögren, Scl-70 ya scleroderma. Amayi oyembekezera amene ali ndi anti-Ro auziretu a kusikelo, chifukwa imatha kukhudza mtima wa mwana. Pemphaninso kuyezedwa mkodzo, poti lupus imawononga impso mwakachetechete.

ANA ikatuluka negative, lupus imakhala yokayikitsa kwambiri, chifukwa odwala lupus oposa 95 pa 100 amapezeka ndi ANA. Ndipo musamataye ndalama kuyezetsa ANA mwezi ndi mwezi. Nambalayo sitsika ndi kukwera motsatira momwe mukupezera.