Kusankha injini yoti mumange m'galimoto yakale ya muscle car

Munthu akapeza galimoto yakale ya ku America ya zaka za pakati pa 1964 ndi 1972, kaya ndi Chevelle, Mustang, Charger kapena GTO, mtima wake umathamangira ku nambala yaikulu kwambiri imene anaimvapo, 454 kapena 426. Nambalazi ndi kukula kwa injini poyeza mu ma cubic inch, moti 350 ndi malita 5.7 pamene 454 ndi malita 7.4. Vuto la kusankha motengeka chonchi limaoneka patapita zaka ziwiri, pamene injini yatha kumangidwa, ndalama zatheratu, koma galimoto idakali pamajeki chifukwa giyabokosi, difu ndi mabuleki sizingapirire mphamvu imene yaikidwamo. Injini iyenera kusankhidwa poyang'ana galimoto yonse ndiponso misewu imene izidzayendamo, ndipo pali zinthu zingapo zoyenera kuunika musanagule ngakhale bawuti imodzi.

Yambani mwafufuza ngati injini imene ili m'galimotomo ndi yomwe inachoka nayo kufakitale. Pa mainjini a Chevrolet, pali kamalo kosalala kutsogolo kwa buloko, mbali yakumanja pafupi ndi hedi, pamene anadindapo zilembo zosonyeza fakitale, tsiku ndi mtundu wa injini, ndipo pa magalimoto ambiri pali manambala omalizira a VIN, nambala yozindikiritsa galimotoyo. Pukutani malowo ndi kansalu konyowa ndi mafuta ochotsera girisi, osati ndi sandipepa, muwalitse tochi chopingasa kuti zilembo zioneke, kenaka muyerekeze ndi VIN. Zikafanana, nkhani yosankha yatha pomwepo, pakuti galimoto yosowa ngati Chevelle SS ya injini ya LS6 (mtundu wamphamvu kwambiri wa 454) kapena Plymouth ya injini ya Hemi ya 426 imataya gawo lalikulu la mtengo wake ikasiyana ndi buloko yake. Mangani injini yomweyo monga inalili, ndipo muwauze a malo opalira mainjini kuti asapale pamwamba pa buloko mosasamala, chifukwa kupalako kumafufuta zilembo zija ndipo sizibwereranso. Ngati mukufunabe mphamvu zochuluka, tsitsani injini yoyambayo, muithire mafuta, muisunge pouma, n'kumanga ina yoti muziivutitsa.

Magalimoto ambiri amene anthu amagula kuti akonze alibe mwayi umenewu. Ena anabwera ndi injini ya masilinda 6, ena anasinthidwa injini kangapo m'zaka zapitazi. Apa ndiye muli ndi ufulu, ndipo funso loti mudziyankhe moona mtima ndi lakuti galimotoyo muzidzaiyendetsa motani. Galimoto yoyendera m'tauni ndi maulendo a kumapeto kwa sabata imathera nthawi yake yambiri injini ikuzungulira pakati pa 1,500 ndi 3,500 rpm (maulendo pa mphindi imodzi), kotero chimene mudzamve mukaponda ndi torque, kukoka kwa injini pamene isanakwere kwambiri, osati horsepower imene imatuluka pa 6,500 rpm. Galimoto ya mpikisano wothamanga mtunda wa kota ya mailo imafuna zosiyana kotheratu, ndipo injini yomangidwira mpikisano imakhala yotopetsa mumsewu wodzaza: imanjenjemera ikaima, imatentha, ndipo camshaft yake yaikulu (chitsulo chotsegula ndi kutseka mavavu) imachepetsa vacuum, kuyamwa mpweya kwa injini, moti mabuleki othandizidwa ndi injini amauma.

Kusiyana kwa small-block ndi big-block kuli pa kukula kwa buloko yeniyeniyo. Small-block ya Chevrolet inayamba mu 1955 ili 265, inakula kufika pa 327 mu 1962 ndi 350 mu 1967, ndipo inapangidwa yambirimbiri kwa zaka zochuluka kotero kuti zipangizo zake n'zosavuta kupeza komanso zotsika mtengo kuposa za injini ina iliyonse ya m'nthawiyo. Big-block ya Chevrolet ya mtundu wa Mark IV inabwera mu 1965 ili 396, kenaka 427, kenaka 454 mu 1970. Imalemera kuposa small-block ndi makilogalamu pafupifupi 50, ndipo kulemera konseko kumagwera pa matayala akutsogolo, zimene zimafuna masipuling'i olimba, rediyeta yaikulu ndi mabuleki abwino. Galimoto zambiri za nthawi imeneyo zinali ndi mabuleki a dramu mawilo onse anayi, ndipo kuika 454 pa mabuleki otere n'kudziputira ngozi.

Kwa ine, munthu amene akumanga injini yake yoyamba m'galimoto ya Chevrolet achite bwino kuganizira za 383. Imeneyi sinali pa mndandanda wa mainjini a magalimoto a Chevrolet a nthawiyo, ndi amakaniki amene anaitulukira. Amatenga buloko ya 350, kukulitsa masilinda ake ndi mainchesi 0.030, n'kuikamo crankshaft ya stroke (mtunda umene pisitoni imayenda) ya mainchesi 3.75 ngati ya 400 m'malo mwa ya 3.48. Zotsatira zake ndi injini yooneka ngati 350 kunja, yokwana pamalo omwewo popanda kudula chitsulo chilichonse, koma yokoka moyandikira big-block. Mukapeza buloko ya 1987 kupita m'tsogolo ndi bwinonso, chifukwa mabuloko ambiri a zaka zimenezo anakonzedwa kuti alandire camshaft ya roller, ndipo silo yakumbuyo kwa crankshaft ndi ya chidutswa chimodzi, imene sidontha mafuta kawirikawiri ngati yakale ya zidutswa ziwiri. Ntchito yowonjezera ndi yopala pang'ono m'munsi mwa masilinda kuti ma connecting rod asagunde buloko pozungulira.

Eni Ford ali ndi njira yofanana. Injini ya 302 imasanduka 347 pokulitsa masilinda ake ndi mainchesi 0.030 n'kuikamo crankshaft ya stroke ya mainchesi 3.4, ndipo imakwana bwino mu Mustang ya 1965 ndi 1966, imene malo ake a injini ndi opanikizika chifukwa cha zipilala za mashokabu zimene zinalowerera mkati. 351 Windsor, imene inatuluka mu 1969, ndi yolimba ndipo imatha kukulitsidwa kupitirira 400, koma buloko yake ndi yaitali ndi kupitirira inchesi imodzi poyerekeza ndi ya 302, kotero muyeze ngati boneti itsekeke ndiponso ngati mapaipi a utsi adutse. Musaisokoneze ndi 351 Cleveland ya 1970 mpaka 1974, yomwe ndi injini ina ngakhale nambala ndi imodzi. Ku Mopar, kutanthauza magalimoto a Chrysler, Dodge ndi Plymouth, 340 ndi 360 zimakwanira Dart kapena Duster, pamene Charger ndi Road Runner zimayenera 383 ya Mopar, yosiyana ndi ya Chevrolet ija, kapena 440. Hemi ya 426, imene inagulitsidwa yoyendera mumsewu kuyambira 1966 mpaka 1971, ndi yokhumbirika, koma pa ndalama zomangira Hemi imodzi munthu angamange 440 yamphamvu zofanana n'kutsala ndi zokonzera galimoto yonse. Pontiac ili ndi mwayi wake: mainjini ake kuyambira 326 mpaka 455 ndi ofanana kukula kunja, choncho 455 imalowa pamene panali 350 popanda vuto lenileni.

Manambala a horsepower olembedwa m'mabuku akale musawakhulupirire monga alili. Chisanafike chaka cha 1972, makampani ankayeza injini ili payokha pabenchi, yopanda zambiri zimene imazunguza ikakhala m'galimoto, ndipo kuyambira chaka chimenecho anayamba kulemba mphamvu yoyezedwa injini itavala zonse. N'chifukwa chake horsepower 450 ya LS6 ya 1970 siyerekezeka mwachindunji ndi 450 ya galimoto ya masiku ano. Komanso LS6 inali ndi compression (kupanikizika kwa mpweya ndi petulo m'silinda) ya 11.25:1, yoyenera petulo wa mtovu wa nthawi imeneyo. General Motors inatsitsa compression m'mainjini ake mu 1971 pokonzekera petulo wopanda mtovu. Pa petulo wa okuteni 91 mpaka 93 amene amagulitsidwa ku United States lero, injini ya mahedi achitsulo imayenda mwamtendere compression ikakhala cha pa 9.5:1, pamene mahedi a aluminiyamu amalola kukwera kufika cha pa 10.5:1 chifukwa amataya kutentha msanga. Mukapitirira pamenepo mudzamva kugogoda ngati timiyala m'chitini pokwera chitunda, ndipo kugogoda kumeneko kumaswa mapisitoni. Mahedi akale achitsulo amafunanso kuikidwa mipando yolimba ya mavavu a utsi, popeza mtovu ndiwo unkaiteteza kuti isadyeke.

Pali njira ina imene yafala kwambiri, yoika injini yamakono. LS ya General Motors (yosiyana ndi LS6 yakale ija), imene inayamba mu Corvette ya 1997, ndiyo imakondedwa, makamaka ya malita 5.3 yochokera m'malole ang'onoang'ono, yomwe imapezeka mosavuta m'malo ogulitsa zipangizo za magalimoto ophwasuka. Imalira msanga kukazizira, imamwa mafuta mosamala, ndipo imatulutsa mphamvu zambiri pongosintha camshaft. Mtengo wobisika uli pa zozungulira injiniyo. Kabuleta imakhutira ndi mafuta okankhidwa ndi mphamvu ya 5 mpaka 7 psi, koma LS imafuna pafupifupi 58 psi, kutanthauza pampu yatsopano, mapaipi atsopano, nthawi zambiri ndi thanki yomwe. Onjezani kompyuta yoyendetsa injini ndi mawaya ake, zomangirira injini, ndi sampu ina yoti isagunde chitsulo chopingasa pansi pa galimoto. Coyote ya Ford ya 2011 ndi yotambalala kwambiri chifukwa cha ma camshaft anayi a pamwamba, moti mu Mustang yakale pamafunika kudula zipilala zija. Ine ndimaona kuti galimoto yakale imataya kanthu kena mukatsegula boneti n'kupeza chivundikiro cha pulasitiki, koma amene akufuna kuyenda maulendo aatali chaka chonse sanalakwe posankha njirayi.

Musanagule mapisitoni kapena crankshaft, buloko imene mwasankha ipite kaye kukayezedwa. Mungayambe nokha poyendetsa chikhadabo mkati mwa silinda chakumtunda: chikakodwa pa kamzere kotukuka pamene ma ring ankalekezera, silindayo yadyeka ndipo iyenera kukulitsidwa. A malo opalira mainjini adzaitsuka, n'kuiwaza ufa wachitsulo ili pa maginito, ndipo ufawo umaunjikana mondondozana paliponse pamene pali mng'alu umene maso sakuona. Apempheninso ayeze kukhuthala kwa makoma a masilinda, chifukwa buloko ya zaka 50 ikhoza kukhala itakulitsidwa kale kawiri ndi kudyeka dzimbiri kumbali ya madzi. Mapisitoni amagulidwa iwo akanena kukula kumene masilinda afikire.

Pa nthawi yomweyo gwadani muone zimene zili pansi pa galimoto. Difu ya 10-bolt yaing'ono ya General Motors kapena ya mainchesi 8 ya Ford imatha kusweka pa torque ya big-block matayala akagwira bwino msewu, ndipo m'malo mwake pamafunika 12-bolt, 9-inch ya Ford kapena Dana 60. Giyabokosi ya TH350 imakwanira small-block yofatsa, pamene TH400 ndi TorqueFlite 727 zinapangidwira katundu wolemera. Lembani mitengo ya zonsezi pa pepala limodzi ndi ya injini, pakuti nthawi zambiri pepalalo ndilo limabweza munthu kuchoka pa 454 kupita pa 383.

Chosankha chotsiriza ndi mtundu wa camshaft, ndipo apa ndi pamene mainjini ambiri atsopano amafera tsiku loyamba. Camshaft yakale ya flat tappet, imene imakhudzana ndi ma lifter (tizitsulo tokankha mavavu) osalala pansi, imadalira zinki wa m'mafuta a injini kuti isadyeke, koma mafuta ambiri amakono anachepetsedwa zinki pofuna kuteteza zida zoyeretsera utsi. Roller, ya ma lifter okhala ndi timawilo pansi, ndi yodula, koma imachotsa nkhawa imeneyi. Ngati mwasankhabe flat tappet, pakani girisi wake pa camshaft ndi pansi pa ma lifter, thirani mafuta a zinki wambiri, konzeranitu timing ndi kudzaza kabuleta kuti injini ilire pa kuyesa koyamba, ndipo ikangolira ikwezeni pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm kwa mphindi 20 mpaka 30 osailola kutsika, maso ali pa geji ya mafuta ndi ya kutentha. Mukazimitsa, tsanulani mafutawo, dulani fyuluta ndi kutambasula pepala lake padzuwa kuti muone ngati muli tizidutswa tachitsulo.