Momwe mungayambire kutolera mawotchi a chronograph a ku Italy osapondedwa

Chronograph ndi wotchi yokhala ndi mabatani awiri pambali, lapamwamba loyambitsira ndi kuimitsira muvi wowerengera masekondi, lapansi lobwezera miviyo pa ziro. Ndinayamba kutolera zimenezi ndili pantchito ku Johannesburg, ndipo sukulu yake ndinalipira modula.

Choyamba, sankhani dzina limodzi. Ine ndinakakamira Panerai, yomwe Giovanni Panerai anayambitsa ku Florence mu 1860 ndipo inkapangira zida asilikali apamadzi a Italy. Kulinso Bulgari ya ku Rome, U-Boat ya ku Lucca ndi Locman ya pachilumba cha Elba. Musadabwe kuona mawu akuti Swiss Made pankhope ya Panerai. Kampaniyi inagulidwa ndi gulu la makampani a zinthu zapamwamba la Vendôme mu 1997 ndipo mawotchi ake amapangidwira ku Neuchâtel, m'dziko la Switzerland. Chronograph yawo yokhala ndi mbiri yakale ndi Mare Nostrum, yomwe anayesa kupanga mu 1943 koma anthu wamba anayamba kuigula mu 1993. Mare Nostrum ya nambala PAM 300 ya mu 2010 anapanga 99 zokha, ndiye muiwale. PAM 716 ya mu 2017 anapanga 1,000, pamtengo wa mayuro pafupifupi 10,000. Wina akakuuzani kuti ali nayo pamtengo wa foni, mutsanzikeni mwaulemu.

Chachiwiri, tembenuzani wotchiyo. Kumbuyo kwa Panerai kumakhala chilembo cha chaka, A ndi 1998, B ndi 1999, choncho mpaka T ya 2017, kenako nambala yake pagulu lonselo. Zimenezi zifanane ndi zomwe zili pakhadi la galanti. Bokosi lisakusangalatseni, akamberembere amagulitsa mabokosi paokha pa intaneti.

Tsono apa ndi pomwe ndinagwa. Ndinakumana ndi wogulitsa wina pamalo omwera khofi, bambo wa suti yabwino, wa pakamwa potsekemera. Nambala zinagwirizana, mapepala analipo. Ndinadina batani lapamwamba, muvi unayenda, ndinaimitsa patatha masekondi 10, ndinabweza pa ziro, basi ndalama ndinatumiza. Fulumira anadya gaga. Madzulo ndikuphika mazira ndinati ndiyese katundu wanga. Muvi waukulu unazungulira kamodzi, kawiri, katatu, koma kamuvi kowerengera mphindi kali chiimire ngati kojambula. Mazira anapsa, foni ya bambo uja sinalirenso.

Wotchiyo inali yeniyeni, koma yodwala. Wokonza mawotchi ananditsegulira n'kundionetsa kuti mbali ya chronograph ndi kachipangizo kapadera ka kampani ya Dubois Dépraz komwe amakasanjika pamwamba pa injini ya wotchi yopangidwa ndi kampani ya ETA. Amisiri ambiri sakaphwasula, amangosintha konse. Ndinadikira miyezi, ndipo ndalama yake sindinawauzebe mayi a kunyumba.

Ndiye inu chitani izi. Yambitsani chronograph, muiike patebulo, muyitanitse tiyi. Iyende mphindi zosachepera 30 mukuyang'ana ngati kamuvi kakang'ono kakusuntha. Imitsani kaye musanabweze. Osadina lapansi muvi ukuyenda, pokhapokha ngati ili ya mtundu wa flyback, womwe umalola kubweza muvi osauimitsa. Mivi yonse ilumphire pa ziro penipeni, osati pambali pang'ono. Bwerezani katatu. Batani lizimveka kuti tha, lisamalowe ngati mukudina mkate. Wogulitsa akayamba kuyang'ana nthawi n'kumati ali ndi kasitomala wina, musiyeni apite naye.

Pa kulipira, malo ogulitsira mawotchi pa intaneti ngati Chrono24 amasunga ndalama mpaka katundu akufikeni.  Mukaitanitsa kunja muwerengeretu za msonkho wa pachipata.

Zotsalazo n'zodziwika. Isungeni kutali ndi masipika ndi maginito, musadine mabatani ili m'madzi, ipite kwa wokonza zaka 5 zilizonse kapena kuyandikira pamenepo. Lamba lomwe inabwera nalo livuleni mulisunge m'bokosi, muzivala lina lotchipa, chifukwa tsiku logulitsa adzalifunsa.